PhD ya nanomaterials kapena ntchito ya ku fakitale? Tandithandizeni maganizo

Wachaka4: Moni nonse pagulu pano, pepani ndilemba zambiri. Ndikumaliza chemical engineering chaka chino ndipo pulojekiti yanga inali yopanga ufa wa titanium dioxide woti uzichotsa utoto m'madzi ukawalitsidwa ndi nyali ya UV, utoto wake methylene blue, ndipo unachoka 95% pa ola limodzi moti a supavaiza anasangalala akuti iwe usapite kwina, panga masters kenako PhD ya nanomaterials udzakhale lekichala. Ine zamulabu ndimazikonda kunama ayi, amachita kundithamangitsa madzulo kuti atseke, koma anzanga onse akusaka ntchito m'mafakitale akuti udzakalamba uli mwana wasukulu. Amene munadutsa njira imeneyi ndiuzeni zoona zake osati zokometsera

Wongodutsa: Tisanapite patali, nano nano mukunenayi ndi chani kwenikweni? ena tinalowa gulu lino chifukwa cha ma past paper kkkk

Mayi_Postdoc: Kkkk funso labwino achimwene. Tengani mita imodzi muigawe ka 1 biliyoni, kachidutswa kamodziko ndiye nanomita. Tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi cha m'ma nanomita 80,000, pomwe tinthu timene timapanga ifeyo timakhala pakati pa 1 ndi 100. Chimene chimatisowetsa tulo si kuchepako ayi koma kuti chinthu chikachepa choncho khalidwe lake limasintha. Tengani kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, kunja kwake konse ndi masikweya sentimita 6 basi. Mukakaduladula kukhala timabokosi ta nanomita imodzi, chinthu chomwecho kulemera komweko, kunja kwake kumakwana masikweya mita 6,000. Ndiye poti riyakishoni imachitikira pamwamba pa chinthu, mwaona pamene injiniya wa makemikolo amalowera

Wongodutsa: Eeee 6,000?? mwawerengera bwino mayi?

Mayi_Postdoc: Tengani kakyuleta muone nokha, mbali iliyonse mwaidula ka 10 miliyoni

Dr_Wopanda_Jekeseni: Awerengera bwino. Chitsanzo chimene ndimakonda kuuza ana a chaka choyamba ndi golide. Golide wa mphete sachita dzimbiri, sagwirizana ndi pafupifupi chilichonse, kwa zaka zambiri anthu a ma catalyst, zinthu zofulumizitsa riyakishoni, ankamuona ngati waulesi. Mu 1987 Masatake Haruta ku Japan anaonetsa kuti timibulu ta golide tochepera nanomita 5 tikakhala pa oxide timasandutsa carbon monoxide kukhala carbon dioxide ngakhale pozizira kuposa madzi oundana. Golide yemweyo. Komanso mtundu, m'madzi amaoneka wofiira osati wachikasu, Michael Faraday anapanga madzi ofiira amenewa cha m'ma 1850 ndipo mabotolo ake akadalipo ku Royal Institution ku London

PhD_Yakana: Musanditchulire golide wofiira a Dokotala mundidzutsira BP

Wachaka4: Kkkk chinachitika nchani akulu?

PhD_Yakana: Mng'ono wanga khala pansi ndikuuze zimene sakuuza a supavaiza akowo. Pali njira yakalekale ya Turkevich, ya 1951, yoti aliyense amati ndi yophweka. Umawiritsa madzi a chloroauric acid, achikasu chotuwa, kamaginito kakuzungulira pansi pa fulasiki, ndiye umathira sodium citrate kamodzi nkamodzi. Chikasu chija chimazimirira madzi nkuyera mbee, kenako amada ngati inki, ukadikira mphindi zingapo amasanduka ofiira ngati vinyo, ukaika mu UV-vis, makina oyeza kuwala kumene madziwo akumeza, peak imabwera cha pa nanomita 520 ndiye umadziwa kuti timibulu tako tili cha m'ma nanomita 15 mpaka 20. Ulendo woyamba zinatheka bwinobwino ndinajambula ndi foni nkutumizira aliyense. Kuyambira ulendo wachiwiri zikumatuluka zapepo, nthawi zina zabuluu, mawa lake wapeza zadikha pansi ngati matope. Ndinasintha citrate, ndinasintha madzi, ndinaitanitsa golide wina, ndinafika poganiza kuti mwina mutu wanga ndi umene sukugwira. Miyezi itatu aise. Tsiku lina tekinishani wathu, bambo wachikulire wosayankhulayankhula, anangotola kamaginito kaja nkukayang'ana pawindo nkundifunsa kuti kameneka mumakatsuka ndi chani? Ine ndi sopo. Anangopukusa mutu. Kanali ndi timing'alu momwe munakanirira golide wakale, ndiye golide watsopano amakamera pamenepo m'malo mopanga timibulu take. Fulasiki ndimatsuka ndi aqua regia, ija ya hydrochloric magawo atatu nitric gawo limodzi, koma kamaginito ayi. Nditakaviika, tsiku lomwelo zofiira psuu. Miyezi itatu imeneyo mu thesis ndi mzere umodzi

Mkulu_wa_Riyakita: Ndiye mwamva Wachaka4, miyezi itatu chifukwa cha kamaginito. Kuno ku fakitale ukataya masiku atatu pa batch imodzi amakuitana ku ofesi. Ine ndinamaliza masters nkuthawa ndipo sindidandaula. Nano imeneyi ili ndi phokoso lambiri kuposa katundu wake. Sumio Iijima analemba za ma carbon nanotube, timachubu ta carbon, mu 1991, anthu anayamba kulota zingwe zokwerera kumwamba, lero zaka zoposa 30 zadutsa ntchito yake yaikulu ndi kuwathira pang'ono mu mabatire kuti magetsi aziyenda bwino ndi kulimbitsa mapulasitiki. Graphene, kapepala ka carbon kochindikala atomu imodzi, nayo chimodzimodzi, Geim ndi Novoselov ku Manchester anaimatula ndi selotepi mu 2004, Nobel 2010, European Union inalonjeza 1 biliyoni ya ma euro mu 2013 kwa zaka khumi, koma tandiuzeni chinthu cha graphene chimene muli nacho m'thumba pano

Mayi_Postdoc: Akulu mukunena zoona theka. Galimoto imene mwakwera lero matayala ake ndi akuda chifukwa cha carbon black, imeneyo ndi nano ndipo imapangidwa matani mamiliyoni pachaka kungoti inayamba dzinali lisanabwere. Mu ekizozi muli timibulu ta platinum, palladium ndi rhodium. Petulo wambiri poyengedwa amadutsa pa zeolite, timabowo take tosakwana nanomita imodzi. TV za QLED ndi ma quantum dot, timibulu timene mtundu wa kuwala kwake umadalira kukula kwake. Katemera wa mRNA wa covid anakulungidwa mu timibulu ta mafuta ta cha m'ma nanomita 100. Nano imene yapambana imasiya kutchedwa nano, imangokhala katundu basi, imene ikupangabe phokoso ndi imene sinafike

Mkulu_wa_Riyakita: Apo ndavomera, catalyst wathu yemwe ndi nano koma palibe amamutchula choncho pa shifiti kkkk

Dr_Wopanda_Jekeseni: Ndipo apa mpamene ndikufuna Wachaka4 amvetsere chifukwa mkangano wa awiriwa ndiye yankho lake. Anthu opanga tinthu tatsopano tokongola ndi ambiri, a chemistry, a physics, a materials, ndipo kunena mosabisa wa chemistry amakuposa pa synthesis. Chimene iwe uli nacho iwo alibe ndi zimene umadana nazo m'kalasi zija, heat transfer, mass transfer, reaction engineering, ma balance. Mapepala ambiri a nano amathera pa mamiligalamu 50 mu kabotolo. Funso loti nanga tikafuna makilogalamu 50 sabata iliyonse ofanana ndendende tipanga bwanji, ndi ochepa amalifunsa ndipo ndi lathu ifeyo

Mkulu_wa_Riyakita: Eya apa ndiye mwandikanda poyabwa. Anthu amaganiza kuti scale-up ndi kugula poto wamkulu. Ukakulitsa thanki ka 10 mbali zonse, zamkati zimachuluka ka 1,000 koma khoma lotulutsira kutentha limangokula ka 100, ndiye lita iliyonse ili ndi pozizirira pochepa ka 10. Mu fulasiki ukathira mankhwala amasakanikirana pa sekondi, mu thanki yaikulu amatenga nthawi, kwinaku timibulu tayamba kale kumera kwinaku mankhwala sanafike, mapeto ake ukupeza tina ta 10 tina ta 200 mu batch imodzi. Ndiye pali zina zoopsa, graphene oxide ya njira ya Hummers ija ya 1958, potassium permanganate mu sulfuric acid wamphamvu, mu labu umangoika fulasiki pa ayisi zatha, koma chimene chimapangika mmenemo chikatentha kupitirira madigiri 55 chimatha kuphulika. Tayesani malita 500 muone ngati mugone

Mayi_Postdoc: Nchifukwa chake ambiri tikuthawira ku ma flow reactor, m'malo mwa thanki umadutsitsa mankhwala mu timapaipi ting'onoting'ono osalekeza, kadontho kalikonse kamaona kutentha kofanana nthawi yofanana. Katemera uja amapanga choncho, mafuta osungunuka mu ethanol mbali ino, mRNA m'madzi mbali inayo, zikumane mwaliwiro. Ine postdoc yanga, ntchito ya kafukufuku imene munthu amagwira akamaliza PhD, ndi yomweyi ndipo anandilemba chifukwa ndimadziwa residence time distribution, kuwerengera nthawi imene mankhwala amakhala mu riyakita, osati chifukwa cha zithunzi zokongola

Wachaka4: Koma ndiye mwanditsegula maso, ine reaction engineering ndinangoiloweza kuti ndikhoze. Nanga njira yake mpaka kufika pa lekichala imatenga zaka zingati?

Dr_Wopanda_Jekeseni: Werengera wekha. Masters chaka chimodzi kapena ziwiri. PhD ku UK ndi maiko ambiri a ku Ulaya zaka 3 mpaka 4, ku America 5 kapena 6 chifukwa amayamba ndi makosi ndipo kumeneko ukhoza kulowa ndi digiri yoyamba. Kenako postdoc, makontilakiti a chaka chimodzi mpaka zitatu, ena amapanga iwiri itatu. Ukapeza malo ku America umakhala assistant professor zaka pafupifupi 6 asanakuweruze ngati ukhale wokhazikika kapena uzipita. Ndipo omaliza PhD ndi ochuluka kwambiri kuposa mipando ya ulekichala, pulofesa mmodzi amatulutsa ana ambirimbiri pa moyo wake koma mpando umene adzasiye ndi umodzi. Chinanso chimene sanandiuze ine, ukafika pampandopo mu labu sulowanso. Sabata ino ndaphunzitsa thermodynamics, ndachonga masikiripiti mulu, mamitingi atatu, usiku ndikulemba proposal yopempha ndalama yachinayi chaka chino zitatu zinakanidwa, magolovesi ndinavala komaliza liti kaya. Umalowa ntchitoyi chifukwa chokonda labu nkupezeka wasanduka wopemphetsa ndalama kuti ena alowe mu labu

PhD_Yakana: A Dokotala mukutilimbikitsa kapena mukutithamangitsa kkkkk

Dr_Wopanda_Jekeseni: Anati zosakometsera. Zabwino zake ziliponso, palibe amandiuza funso loti ndifufuze, ndipo tsiku limene mwana amene anabwera osadziwa kugwira pipeti akukutsutsa pa data ndipo iyeyo ndi amene akulondola, limenelo ndi tsiku lokoma kwabasi

Mayi_Postdoc: Ine ndionjezere mbali imene abambo satchula kawirikawiri. Zaka za postdoc zimagwera nthawi yomwe anthu amamanga banja, ndiye kontilakiti ikatha ntchito yotsatira ili dziko lina, visa yatsopano, mwana sukulu yatsopano, amuna ako nawo ntchito yawo aisiye? Ine ndasamuka kawiri pa zaka zinayi. Ndili woyembekezera ndinasiya kaye ntchito ya ma solvent ena ndi ufa wouma, pepala linachedwa chaka, pa CV sipalembedwa chifukwa chake. Sindikuti musapite koma muzikambirana ndi anthu anu zisanafike

Wongodutsa: Ufa woumawo ndi woopsa?

Mayi_Postdoc: Ukaupuma umalowa mkati mwenimweni mwa mapapo. Bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika mtundu umodzi wa ma nanotube, MWCNT-7, m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, titanium dioxide wopumidwa alinso m'gulu lomwelo la 2B. Ndiye ufa timayezera mu fume hood, kabati yokoka mpweya woipa ija, kapena timausunga m'madzi, kamasiki ka pepala kaja musakadalire. Wachaka4 ufa wanu munkayezera pati?

Wachaka4: Pa benchi mayi, sikelo ili pa benchi

Mayi_Postdoc: Mmmm musiye zimenezo

PhD_Yakana: Ine langizo langa ndi limodzi, usasankhe yunivesite sankha munthu. Dzina la sukulu silidzakuyankha imelo. Supavaiza wanga woyamba, sinditchula, chaputala chinakhala pa desiki pake miyezi isanu, ukamufunsa akuti ndili pa ulendo, mpaka ndinapempha wachiwiri. Usanavomere lembera ana ake awiri atatu, makamaka amene anamaliza kale chifukwa amene alipo amaopa, uwafunse amamaliza pa zaka zingati, amakumana naye kangati, pepala likatuluka dzina loyamba limakhala la ndani. Ufunsenso makina. Nano popanda TEM (maikulosikopu yoonera timibulu), XRD (makina a X-ray oonetsa mtundu wa kristalo) ndi BET (yoyezera surface area) uli ngati wakhungu, ife TEM timachita kubukitsa milungu itatu isanafike ndipo tsiku lako likafika nkupeza sampulo yaunjikana pa grid, kasefa koikapo sampulo, palibe chooneka, bwerera pamzere. Ndipo PhD ya engineering yodzilipirira wekha iyayi, ngati palibe sukolashipu kapena stipend ndiye kuti pulojekitiyo ilibenso ndalama ya makemikolo

Mkulu_wa_Riyakita: Komanso khomo la fakitale silitsekeka ukapita ku PhD, ku dipatimenti ya kafukufuku (R&D) kwathu ambiri ndi madokotala. Chimene chimavuta ndi kubwerera, ukazolowera malipiro kubwerera pa stipend ndi nkhondo. Koma amene anayamba wagwirako zaka ziwiri ku plant amapanga PhD yanzeru, amafunsa msanga kuti solvent imeneyi tidzaitaya kuti, precursor imeneyi pa tani ndi ndalama zingati

Dr_Wopanda_Jekeseni: Zoona, mwana wanga wabwino kwambiri anachokera ku plant. Koma pa nkhani ya TEM ndikufuna ndinenepo kanthu chifukwa yesero lake lili pomwepo. Pa grid pamakhala malo zikwi, penapake timibulu tandandalika bwino tofanana ngati mikanda, pena paliponse ndi chipwirikiti. Dzanja limafuna kujambula pokongolapo nkulemba kuti sampulo yonse ili choncho. Ana anga ndimawauza jambula malo osiyanasiyana, yeza timibulu mazana angapo mu pulogalamu ya ImageJ, undipatse histogram. Ndipo DLS, njira yoyezera kukula kwa timibulu m'madzi ndi kuwala, ikakupatsa nambala yaikulu kuposa TEM usaibise, imayeza kambulu pamodzi ndi chovala chake cha madzi ndipo timibulu tikulutikulu timawala mopitirira muyeso, kukula kawiri kuwala ka 64, ndiye zibuma zochepa zimakoka nambala yonse. Kuthamangira mapepala ndi h-index, nambala yoonetsa mmene ena amatchulira mapepala ako, kwagwetsa anthu. Jan Hendrik Schön ku Bell Labs ankatulutsa mapepala mu Science ndi Nature motsatizana, anthu akuti Nobel ikubwera, mpaka ena anazindikira kuti magalafu a ma experiment osiyana ali ndi noise yofanana ndendende. 2002 anachotsedwa ntchito, mapepala anabwezedwa, University of Konstanz inamulanda udokotala

PhD_Yakana: Ndiye pali ma jenala aja amakutumizira imelo yokutamanda kuti pulofesa wolemekezeka tumizani pepala tisindikiza pa masiku asanu, ine pulofesa liti kkkk. Ukalipira ndalama yapita ndipo pa intavyu amakuchotsera mamakisi m'malo mokuonjezera

Wachaka4: Ine mantha anga ena ndi oti sindine wanzeru kwambiri, physical chemistry ndinachita kubwereza

Mayi_Postdoc: Moungi Bawendi amene analandira Nobel ya chemistry mu 2023 pamodzi ndi Louis Brus ndi Aleksey Ekimov pa ma quantum dot anafotokoza yekha kuti mayeso ake oyamba a chemistry ku Harvard anapeza 20 pa 100. Ndipo taonani chimene anamupatsira mphotho, ma dot anali atapezeka kale ndi anzake awiriwo cha m'ma 1980, iye mu 1993 anapeza njira yowapanga ofanana kukula ulendo uliwonse, kubaya mankhwala mwadzidzidzi mu solvent yotentha kuti onse amere nthawi imodzi. Zomwe akunena a Dokotala zija. Koma ine ndibwerere pa 95% yanu ija chifukwa yakhala ikundiyabwa chiyambire. Munayesa kusiya ufa ndi utoto mumdima nyali osayatsa?

Wachaka4: Mumdima? ayi, ndimangothira ufa nkuyatsa nyali nkuyamba kuwerenga nthawi

PhD_Yakana: Ayayaya

Mayi_Postdoc: Musadandaule tonse tinadutsa pomwepo. Methylene blue amamatirira pa ufa ngakhale popanda kuwala, ndiye madzi akhoza kuyera pomwe utoto sunaphwanyike wangosamukira pa ufa. Muyang'ane ufa wanu mukausefa, ngati uli wabuluu mwadziwa. Choyamba muzisiya mumdima zikuzungulira mphindi 30 kapena ola mpaka nambala itasiya kutsika, pamenepo ndiye ziro wanu. Chachiwiri utoto wokha pa nyali popanda ufa, chifukwa UV payokha imaudyako. Chachitatu muyerekeze ndi P25, ufa wogula umene aliyense amayezerapo, ngati wanu sukuuposa reviewer adzakufunsani kuti ndiye tivutikirenji. Ndipo kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti zatha, molekyulu ikhoza kungoduka pakati mtundu nkuchoka zidutswa zikadali momwemo, pamafunika TOC, muyeso wa organic carbon yense wotsala m'madzi, kuti muone ngati carbon wachokadi

Dr_Wopanda_Jekeseni: Mapepala a TiO2, titanium dioxide yemweyo, ndi utoto alipo zikwizikwi kuyambira pomwe Fujishima ndi Honda anatulutsa lawo logawa madzi ndi TiO2 ndi kuwala mu 1972, ndiye ukafuna PhD pamenepa usabwere ndi utoto wina wachinambala. Anatase, mtundu umodzi wa kristalo ya TiO2, ili ndi band gap (mphamvu ya kuwala yofunika kuti igwire ntchito) ya 3.2 eV, imangodya UV, ndipo UV ndi pafupifupi 5% ya kuwala kwa dzuwa. Funso lina losautsa, ufa wa nanomita 20 ukautaya m'madzi malita zikwi udzautolanso bwanji? Ukaumata pa galasi kuti usavutike kusefa wataya surface area ija tinayamba nayo. Limenelo ndi funso la injiniya ndipo silinathe. XRD unapanga? unawotcha pa madigiri angati?

Wachaka4: 500 kwa maola awiri, peak yaikulu ya XRD ili pa 25.3 ndipo pali kena kakang'ono cha pa 27

Dr_Wopanda_Jekeseni: 25.3 ndi anatase, kakang'onoko ngati kali pa 27.4 ndi rutile, mtundu wina wa TiO2, yayamba kutuluka, si zoipa P25 nayo ndi yosakaniza. Ika kutambalala kwa peak mu fomyula ya Scherrer upeze kukula kwa timakristalo tako

Mkulu_wa_Riyakita: Mwana anabwera kudzafunsa za tsogolo lake mwamupatsa homuweki kkkkk

Wachaka4: Kkkk koma akulu chodabwitsa nchoti sindinakhumudwe, ndikungofuna kucha ndikaone. Ndakumbuka kuti pepala losefera limatsala labuluu ndithu ine nkumati ndi mmene zimakhalira. Ripoti ndipereka pa 28, nyali ndi ufa zikadalipo, P25 ndikafunsa a tekinishani ngati ilipo

PhD_Yakana: Ubwereze katatu katatu usabwere ndi nambala imodzi. Ndipo kamaginito utsuke

Mayi_Postdoc: Mukapeza muponye galafu pano, ya mumdima ndi ya pa nyali pa axis imodzi. A supavaiza muwauze mawa lomwelo musadikire kuti adzamve kwa external

Wachaka4: Ndawalembera kale, ayankha kuti ndibwere 7 koloko ndi makiyi a labu akandisiyira kwa a tekinishani